Tikasambe kuti? Kusankha pakati pa matauni a akasupe otentha

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anzathu okhala ku South Africa ndi ena amene akukonzeka kupitako pa tchuthi. Onse akufunsa za malo a akasupe a madzi otentha. Mafunso ena tawafupikitsa.

Ndimakhala ku Kempton Park ndi mayi a kunyumba ndi ana atatu, wa zaka 4, wa 9 ndi wa 13. Ndili ndi masiku anayi mu Julayi sukulu zikatsekera. Anzanga ena akuti Bela-Bela, ena akuti Badplaas. Galimoto ndili nayo. Ndilowere kuti? — Bambo wa ku Kempton Park

Bambo, masiku anayi ndi ochepa, choncho yambani mwaganizira za msewu. Bela-Bela, imene inkatchedwa Warmbaths mpaka 2002, ili ku Limpopo, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Pretoria. Kuchokera kwanuko mutenga R21 kukalowa N1, mulipira pa zipata za Pumulani ndi Carousel, ndipo maola awiri asanakwane mwafika. Badplaas, imene pazikwangwani zina imalembedwa eManzana, ili ku Mpumalanga pakati pa Carolina ndi Barberton. Ulendo wake ukuyandikira makilomita 300, ndipo mukawerengera zoima ndi ana ndi maola atatu ndi theka kapena anayi. Chigawo chotsiriza, kaya mwadzera ku Machadodorp pa R541 kaya ku Carolina pa R38, ndi msewu wokhotakhota wotsika mapiri, wa malole ambiri, ndipo nkhungu imatha kutseka mwadzidzidzi. Musauyende usiku.

Za madzi, kusiyana kwake si kwakukulu monga anzanuwo akunenera. Kasupe wa ku Bela-Bela amatulutsa malita pafupifupi 22,000 pa ola, otentha madigiri 53. Wa ku Badplaas ndi wa madigiri pafupifupi 50 ndipo ali ndi sulufule, kotero mumva kafungo ka dzira lowola mukayandikira. Akuluakulu amazolowera msanga, koma ana ena amanyansidwa tsiku loyamba. Konse kuwiri malo aakulu osambira amayendetsedwa ndi Forever Resorts, ndipo ali ndi maiwe angapo, zotsetserekera za ana, nyumba zodziphikira ndi pomanga matenti.

Kusiyana kwenikweni kuli kunja kwa mpanda. Bela-Bela ndi tauni yathunthu, ya masitolo aakulu, mabanki, chipatala, ndi malo ogona ambirimbiri ozungulira monga ATKV Klein-Kariba, Sondela ndi Mabalingwe. Mutha kugona potsika mtengo n'kumakalowa kumaiwe ngati alendo a masana okha. Derali lilibenso malungo. Badplaas ndi kamudzi kakang'ono m'tsinde mwa mapiri, ndipo pafupifupi zonse zimene mwapitira zili m'kati mwa mpanda umodzi. Nyama, makala ndi ufa muguliretu ku Middelburg kapena ku Carolina. Chimene Badplaas imaposera inzake ndi malo otakasuka ndi mapiri okongola, komanso ulendo wa ola limodzi wopita ku Barberton, kumene mapiri a Makhonjwa ali ndi miyala ya zaka zoposa 3 biliyoni, imene UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2018. Wa zaka 13 uja angakondwe nazo, koma wa zaka 4 azingofunsa kuti tibwerera liti kumadzi.

Ife tikuti pa masiku anayi ndi kamwana kakang'ono, pitani ku Bela-Bela, koma mulowe Lolemba n'kutuluka Lachinayi. Loweruka ndi Lamlungu Gauteng yonse imakhamukira kumeneko ndipo dziwe lotentha limadzaza mpaka kusowa poponda. Mukadzapeza sabata yathunthu, imeneyo ndiye ya Badplaas. Mudziwenso kuti pa zotsetserekera zazitali amayeza msinkhu wa mwana, ndiye wamng'onoyo mumuuziretu asanakalire pamzere.

Mu Disembala tiyenda pagalimoto kuchokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg. Ndamva kuti madzi a ku Tshipise ndi otentha kuposa kwina konse, ndiye ndikuganiza kuti ndiwo abwino. Tikagone kumeneko masiku atatu? — Wowerenga wa ku Area 47

Achimwene, panjira pake mwaganiza bwino, koma pa nyengo mwaphonya. Mukadutsa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Masvingo n'kuwoloka pa Beitbridge, Tshipise ili makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Musina pa R508. Ndi malo abwino opumulira msana, pakati pa milambe ikuluikulu. Koma mu Disembala kumeneko masana kumadutsa madigiri 35, masiku ena kufika 40. Munthu amene wangotuluka m'galimoto yotentha safuna madzi otentha, ndipo mukathera masiku atatu onse m'dziwe lozizira. Nyengo ya Tshipise ndi Meyi mpaka Ogasiti, masana kofunda bwino, usiku kozizira. Ndi chifukwa chake anthu opuma pantchito amakamangako makaravani awo miyezi yathunthu ya chisanu, ndipo malo amavuta kupeza nthawi imeneyo.

Za kutentha kwa kasupe, musatengeke nazo. Madzi a ku Tshipise amatuluka pansi ali pa madigiri pafupifupi 58, koma palibe amene amasamba m'madzi otero. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa chabe. Malo onsewa amayamba aziziritsa madziwo kapena kuwasakaniza ndi ozizira kuti afike pakati pa 30 ndi 40. Kasupe wa ku Brandvlei pafupi ndi Worcester amafika 64, koma ali m'dera la ndende ndipo palibe amene amapitako kukapuma. Chimene kasupe wotentha kwambiri ndi wa madzi ochuluka amathandiza n'chakuti eni malo amatha kufunditsa maiwe ambiri nthawi imodzi. Ndiye funsani kutentha kwa dziwe limene mukalowemo, osati kwa kasupe.

Ngati mwatsimikizabe za Disembala, gonani usiku umodzi kapena uwiri, m'nyumba ya makina oziziritsa. Kumpoto kwa Limpopo kuli malungo kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Meyi, ndiye neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu zikhale m'chikwama. Usiku woyamba musalipiriretu ndalama zosabwezedwa, chifukwa mzere wa pa Beitbridge nyengo ya Khirisimasi sudziwika kuti ukutulutsani nthawi yanji. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 opanda viza, koma yang'anani tsiku limene alemba pachidindo musanachoke pawindo.

Ine ndi amuna anga tikufuna masiku awiri a phee mu Sepitembala, ana tiwasiya kwa achemwali. Tili ku Cape Town. Pa intaneti ndikuona Montagu, Caledon, Citrusdal ndi Goudini, ndipo zithunzi zonse n'zokongola. — Mayi wa ku Bellville

Mayi, zithunzi zimajambulidwa m'mawa anthu asanadzuke, ndiye sizingakuuzeni za phokoso. Malo anayiwa ndi osiyana kwambiri.

Goudini tiichotseretu. Ili pafupi, makilomita pafupifupi 100 kudzera mu Huguenot Tunnel mpaka ku Rawsonville, ndipo ndi malo abwino ndithu, a dziwe lofunda la m'nyumba. Koma bungwe la ATKV, limene limayendetsa malowa, linawakonzera mabanja a ana. Mukadzatenga ana anuwo mudzapite kumeneko.

Ngati mukuti phee mukutanthauza phee weniweni, ndiye The Baths, m'chigwa chopapatiza kum'mwera kwa tauni ya Citrusdal. Mutenga N7, mukwera Piekenierskloof Pass, ndipo ndi ulendo wa maola awiri ndi mphindi zingapo. Malowa ndi akale, mbiri yake imayambira mu 1739, ndipo madzi ake ndi a madigiri 43, oyera mbee. Kuli dziwe lotentha, dziwe lozizira ndi timaiwe ta m'miyala pansi pa mitengo, ndipo eni ake salola zoimbaimba. Sepitembala ndi nthawi imene minda ya malalanje imachita maluwa, komanso maluwa a kutchire a ku Clanwilliam ndi ku Cederberg amakhala asanafote. Vuto lake n'lakuti tauni ili patali ndithu, ndiye madzulo kulibe koyenda. Ndi malo odziwikanso moti Loweruka ndi Lamlungu amadzaza miyezi ingapo pasadakhale.

Montagu ndi ya anthu ofuna kusamba komanso kuyendayenda. Mukadutsa Worcester, Robertson ndi Ashton mulowa m'mpata wa Cogmanskloof, pamene msewu umaboola thanthwe, ndipo kuchokera ku Cape Town ndi maola awiri ndi theka. Madzi ake nawonso ndi a madigiri 43. Akasupe ali makilomita pafupifupi 3 kuchokera pakati pa tauni, ndipo pali kanjira ka miyendo kodzera m'chigwa cha Badkloof kolumikiza malo awiriwa. Madzi osefukira a mu Januwale 1981 anakokolola malo akale osambira, choncho zimene zilipo tsopano zinamangidwa pambuyo pake. Tauni yake ndi ya nyumba zakale zopaka laimu, malo odyera, zipatso zouma ndi vinyo wotsekemera wa muscadel. Kumagwanso mvula yochepa kuyerekeza ndi ku Cape Town. Koma maiwe a ku Avalon Springs, malo osambira a pa akasupewo, amalandira ana ndi alendo a masana, ndiye Loweruka masana musayembekezere bata. Gonani m'tauni, mukasambe m'mawa kapena pakati pa sabata.

Caledon ndi yapafupi, makilomita pafupifupi 110 pa N2 kudutsa Sir Lowry's Pass. Madzi ake ndi a madigiri oyandikira 50 ndipo ali ndi chitsulo chambiri, kotero amaoneka ofiirira. Si litsiro ayi, koma amathimbiriritsa zovala zoyera, ndiye tengani chosambira chakuda ndi thaulo lakale. Akasupewa ali m'kati mwa hotela imene ilinso ndi kasino. Amene ali ndi dzanja lopepuka pa juga, khadi la kubanki alisiye m'chipinda. Mphamvu ya Caledon mu Sepitembala ndi Hermanus, makilomita pafupifupi 40 kudzera pa R320, kumene anangumi amafika pafupi ndi gombe kuyambira Juni mpaka Novembala moti mumawaona mutaima pamtunda.

Pa zimene mwalemba, ife tikanasankha Citrusdal, ndipo malo akasowa, Montagu kuyambira Lamlungu madzulo mpaka Lachiwiri.

Amayi anga ali ndi zaka 68, ali ndi nyamakazi ya m'mawondo, BP ndi shuga. Anthu akuti madzi a ku Badplaas amachiza. Ndi malo ati amene angawathandize? — Mayi wa ku Germiston

Achemwali, madzi otentha sachiza nyamakazi, koma amachepetsa ululu kwa kanthawi, ndipo zimenezo si zazing'ono. Kutentha kumamasula minofu, ndipo madzi amanyamula thupi: munthu akaima m'madzi ofika m'chiuno mawondo amasenza pafupifupi theka la kulemera kwake, akafika m'khosi amasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. N'chifukwa chake gogo amene amavutika kudzuka pampando amayenda bwinobwino m'dziwe. Zimenezi zimachitika ku Badplaas, ku Bela-Bela ndi kwina kulikonse, ndiye sulufule asakuyendetseni maola anayi. Mankhwala a kuchipatala asasiye.

Choopsa chili pa BP ndi shuga. M'madzi otentha mitsempha ya pakhungu imatanuka, BP imatsika, mtima umagunda mofulumira, ndipo munthu amatuluka thukuta losaoneka. Akaimirira mwadzidzidzi magazi amachepa kumutu, amachita chizungulire, ndipo ena amakomoka pamasitepe ponyowa. Mapiritsi a BP, makamaka okodzetsa aja, amawonjezera vutoli. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi samva kuti madzi akumuwotcha, ndipo ngati amabaya insulin, kutentha kumachititsa kuti mankhwalawo alowe m'magazi msanga, shuga n'kutsika.

Ayambe aonana ndi dokotala wawo. Akalola, tsatani izi. Dziwe likhale la madigiri 34 mpaka 37, osapitirira 38. Tsiku loyamba akhalemo mphindi 10 zokha, madzi afike pachifuwa osati m'khosi, kenako atuluke apume mphindi 20 akumwa madzi. Kawiri kapena katatu patsiku n'kokwanira. Potuluka ayambe akhala pamphepete miyendo ili m'madzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo wina awagwire mkono. Asalowe ali ndi njala, atangodya kwambiri, kapena ali ndi chilonda kuphazi. Maswiti kapena juwisi akhale pafupi.

Posankha malo, funsani ngati dziwe lili ndi masitepe otsetsereka bwino ndi chitsulo chogwirira, kapena ndi makwerero oimirira okha. Funsaninso mtunda wochokera panyumba yogona kufika padziwe, chifukwa malo aakulu ngati awa amatha kukuikani kutali, kokwera chitunda. Kuchokera ku Germiston, Bela-Bela ndiyo yoyenera: ndi pafupi ndipo chipatala chili m'tauni momwemo.

Ndili ndi pakati pa miyezi itatu ndipo ndili ndi mwana wa chaka chimodzi. Tingalowe nawo? — Wowerenga wa ku Polokwane

M'dziwe lotentha ayi, nonse awiri. Thupi la mayi woyembekezera likatentha kupitirira madigiri 39, makamaka miyezi itatu yoyamba, zingasokoneze kakulidwe ka ubongo ndi msana wa mwana. Ana osakwana zaka 5 nawonso thupi lawo limatentha msanga kuposa la wamkulu. Sankhani malo amene ali ndi dziwe lofunda pang'ono, la madigiri 30 mpaka 33, ndipo kwa mwanayo mphindi 10 mpaka 15 zakwana. Avale thewera la m'madzi, ndipo ngati watsegula m'mimba asalowe konse.

Ndapeza nyumba yotsika mtengo ku Bela-Bela pa Facebook, akufuna theka la ndalama lero. Ndifunse chiyani ndisanalipire? — Bambo wa ku Tembisa

Mawu akuti "lero" okhawo akuchititseni kukayika. Nyengo ya tchuthi akuba amatenga zithunzi za nyumba zenizeni n'kuikapo nambala ya akaunti yawo. Pezani nokha nambala ya lamya ya malowo, osati imene ili pachilengezocho, muimbe, mufunse ngati munthuyo akumudziwa, ndipo dzina la akaunti lifanane ndi la malowo.

Zikakhala zoona, funso lalikulu ndi ili: madzi a kasupe ali pamalo pomwepo? Malo ambiri ogona m'matauni amenewa amadya dzina la tauni chabe. Dziwe lawo ndi la madzi a pampopi, mwina lofunditsidwa ndi magetsi, mwina lozizira. Zikatero mudzalipiranso polowa kumalo a kasupe tsiku lililonse, munthu aliyense payekha, ndipo banja la anthu asanu masiku atatu ndalamayo imatha kuposa imene mwapulumutsa. Masiku a chikondwerero malo ena amachepetsa chiwerengero cha alendo a masana kapena kutsekeratu chipata, ndiye mutha kubwezedwa ana atavala kale zosambira.

Funsaninso kuti ndi maiwe angati amene ndi otentha mwezi umene mukupitawo, ndipo ndi angati a denga. Dziwe lalikulu la pabwalo limataya kutentha ndi mphepo ndi nthunzi, moti m'mawa wa Julayi limangokhala lofunda pang'ono ngakhale kasupe ake ndi wa madigiri 50. Mufunse ngati pali dziwe limene alitseka kuti alikonze, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso ngati ali ndi jenereta, popeza magetsi akazima mapampu amaima. Nyengo ya mvula ku Limpopo ndi ku Mpumalanga, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ziphaliwali zimabwera masana ndipo amatulutsa anthu onse m'madzi, ndiye konzani zosamba m'mawa. Pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa tchuthi cha Julayi mitengo imakwera ndipo ambiri salola kugona usiku umodzi wokha. Mumvetsetsenso za matawulo, ziwiya za kukhitchini, ndalama ya chikole cha zosweka, ndi chiwerengero cha anthu ololedwa m'nyumba, chifukwa pachipata amawerenga mitu.

Mukafika, yang'anani madziwo. Pansi pa dziwe paoneke, kupatula kumalo a madzi a chitsulo, ndipo makoma ake asaterere. Madzi ofunda osasamalidwa amaswa tizilombo timene timatulutsa tiziphuphu toyabwa patapita tsiku limodzi kapena awiri, makamaka m'malo amene chosambira chimagwira thupi, ndiye mukatuluka sambani ndi sopo n'kusintha zovala. Ndolo ndi mphete za siliva muvule musanalowe m'madzi a sulufule, zimada bii. Mowa udikire mutatuluka.

N'chifukwa chiyani mukungonena za ku Joni? Kwathu kuno kulibe? — Wowerenga wa ku Mzuzu

Akasupe alipo ambiri, chifukwa Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake inang'ambika, ndipo madzi a mvula amatsika kwambiri m'ming'alu, n'kutenthedwa ndi miyala ya pansi, n'kubwereranso pamwamba. Ku Chiweta m'boma la Rumphi, ku Mawira ku Nkhotakota ndi cha ku Liwonde kuli akasupe otere, ndipo ku Zambia kuli Chinyunyu m'mbali mwa Great East Road kum'mawa kwa Lusaka. Ambiri mwa amenewa ndi malo ochapira ndi osambira a anthu a m'mudzi, oima ola limodzi muli paulendo, osati matauni a tchuthi. Mukafikapo pemphani kwa eni dera, ndipo mufunse mbali ya amayi ndi ya abambo.

Oyenera kugonako ndi Kapishya, m'chigawo cha Muchinga ku Zambia, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku nyumba ya Shiwa Ng'andu imene anamanga mzungu wa ku Britain, Stewart Gore-Browne. Dziwe lake ndi lachilengedwe, la mchenga pansi, madzi oyera a madigiri pafupifupi 40 opanda fungo la sulufule, ndipo pali nyumba zogona ndi pomanga matenti m'mbali mwa mtsinje. Mumapatuka pa Great North Road pakati pa Mpika ndi Chinsali, kenako msewu wafumbi, choncho miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino. Kwa inu a kumpoto njira yake ndi ya ku Chitipa, Nakonde ndi Isoka. Mumtsinjemo musalowe musanafunse za ng'ona.

Pa kasupe wa kutchire palibe amene wakuziziritsirani madzi. A ku Chiweta amaposa madigiri 70 pamene akutulukira, ndiye ana asayandikire pamenepo, ndipo inu musambe kumunsi kumene azizira, mutayamba mwayesa ndi chigongono. Musamize mutu kapena kudumphiramo. M'madzi ofunda opanda klorini mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamene kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Matendawa ndi osowa kwambiri, koma pafupifupi onse amene awadwala amamwalira. Ndipo pamene madzi a kasupe azizira n'kusakanikirana ndi a m'dambo kapena a m'nyanja ya mabango, pamenepo pamakhala nkhono za likodzo, choncho mukasambamo kayezetseni kuchipatala pakatha miyezi iwiri kapena itatu.